Mwala Wopanda Kapepala

Nkhani yathu lero ikuchokera kutali, m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku England ndi m'migodi yakale ya malasha ku America. Ikukhudza anthu amene ena angawaone ngati osowa chochita: anthu amene Loweruka m'mamawa, anzawo ali m'tulo, amavala majombo, kunyamula ndowa ndi kahamala, n'kukayenda chowerama tsiku lonse kufunafuna miyala. Miyala yake si golide kapena rubi. Ndi mafupa, mano, zigoba ndi masamba a zamoyo zimene zinafa kalekale, zinakwiririka m'matope, ndipo m'kupita kwa zaka mamiliyoni zinasanduka mwala. Akatswiri amaitcha ma fossil. Ambiri mwa otola miyalayi sanalowepo m'kalasi ya sayansi ya miyala. Ndi mapulambala, aphunzitsi, anamwino, opuma pantchito ndi ana asukulu. Kwa zaka zambiri pakhala mtsutso woti kodi anthu oterewa aziloledwa kutola kapena aletsedwe, ntchitoyi isiyidwe m'manja mwa ophunzira okhaokha. Ine ndili kumbali yoti aziloledwa, ndipo chimene chikundilimbitsa mtima kunena choncho ndi kalabu, gulu limene limam'tenga munthu wotola mwachisawawa n'kum'phunzitsa kuti mwala umenewu uli ndi mwambo wake.

Tiyambire pa chinthu chimene oletsa amachiiwala kawirikawiri, chakuti mwala wosiyidwa pamalo pake sukhala mpaka kale. Ku Dorset, kumwera kwa England, kuli matauni aang'ono a Lyme Regis ndi Charmouth. Maphompho a m'mphepete mwa nyanja kumeneko ndi a dothi lofewa ndi miyala yosachedwa kunyenyeka. Nyengo yozizira ikafika, mvula ndi mafunde zimagumula maphomphowo, ndipo zimene zinabisika kwa zaka pafupifupi 200 miliyoni zimagwera pamchenga. Zikagwa, nyanja yomweyo imayamba kuzipera ngati mphero. Chigoba chimene chaoneka lero, mafunde akachimenya kangapo, chimasanduka mchenga. Akatswiri a ku yunivesite ndi ochepa, ali ndi makalasi oti aphunzitse, ndipo kunyanjako amafika mwa apo ndi apo. Amene amayenda pagombe tsiku ndi tsiku, m'mawa wotsatira namondwe, ndi anthu a komweko. Mary Anning, amene anabadwa mu 1799 m'banja losauka ku Lyme Regis, anali mmodzi wa iwo. Ali ndi zaka pafupifupi 12, iye ndi mlongo wake Joseph anafukula chilombo cha m'nyanja chotchedwa ichthyosaur. Mu 1823 anapeza mafupa athunthu oyamba a chinyama cha khosi lalitali chotchedwa plesiosaur, ndipo mu 1828 anapeza chokwawa chouluka. Akuluakulu a sayansi ankagula miyala yake n'kulemba mabuku, dzina lake osalitchula kawirikawiri, ndipo bungwe la Geological Society of London silikanamulandira chifukwa anali mkazi. Anamwalira mu 1847. Chipilala chomukumbukira chinaimikidwa kwawo mu 2022.

Wina anganene kuti imeneyo ndi mbiri yakale, nthawi imene sayansi inali isanakhwime. Koma taonani za masiku athu ano. Mu January 1983, pulambala wina dzina lake William Walker, amene ankatola miyala pa nthawi yake yopuma, anapeza chikhadabo chachikulu, chotalika pafupifupi masentimita 30, m'dzenje lokumbamo dothi la njerwa ku Surrey. Akatswiri a ku Natural History Museum ku London atapita kukakumba anapeza mafupa ambiri a dinosaur imene inali isanadziwikepo, mamba a nsomba ali pamalo pamene panali mimba yake. Mu 1986 anaipatsa dzina lakuti Baryonyx walkeri, polemekeza pulambala uja. Mu 2016 wotola wina, Paul de la Salle, anapeza zidutswa za chibwano chachikulu kwambiri ku Lilstock m'chigawo cha Somerset. Mu 2020 mtsikana wa zaka 11, Ruby Reynolds, ndi bambo ake anapeza zidutswa za chibwano china chofanana nacho ku Blue Anchor, m'gombe lomwelo. Zibwano ziwirizi zitayerekezedwa, mu 2024 akatswiri analengeza za Ichthyotitan, chilombo cha m'nyanja chimene akuti mwina chinkafika mamita 25 kutalika.

Nkhani ngati izi zimakoma kuzimva, koma zili ndi msampha. Zimatipangitsa kuganiza kuti chofunika ndi munthu mmodzi wamwayi ndi wa maso akuthwa. Funso lenileni ndi lina: chikhadabo chija chinachoka bwanji m'thumba la pulambala kukafika patebulo la katswiri, komanso anadziwa bwanji malo enieni oti akakumbe? Apa ndi pamene pagona nkhani. Kwa wasayansi, fupa pa lokha limanena theka la mbiri yake. Theka linalo lili pa malo pamene linapezeka, pa mzere wa mwala umene linatulukamo, ndi pa zinthu zina zimene zinagona pafupi nalo, chifukwa miyala inayalana ngati mphasa zosanjikiza, yapansi yakale, yapamwamba yatsopano, ndipo mzere uliwonse ndi nyengo yake. Ndiye wotola wodziwa ntchito, asanatsuke n'komwe chimene watola, amatulutsa pensulo ndi kapepala. Amalemba tsiku, dzina la malo, mzere wa mwala, ndiponso ngati anachipeza chili m'thanthwe kapena chitagwa kale pamchenga. Akafika kunyumba amalemba kanambala kakang'ono pamwalapo, nambala yomweyo n'kuilowetsa m'kabuku. Mwala wopanda kapepala kameneka, ngakhale utakongola chotani, wangokhala chokongoletsera pawindo. Tsono chizolowezi ichi munthu sabadwa nacho, ndipo wongoyamba kumene sachiona kufunika kwake, poti m'mutu mwake amati malowo sangawaiwale. Amachiphunzira kwa anzake, pamene wamkulu wina wa m'kalabu atenga mwala wake, kuutembenuza, n'kufunsa kuti, kodi munautola pati? Akalephera kuyankha kamodzi pamaso pa gulu, ulendo wotsatira pensulo saiiwala.

Umboni wolimba wa zimene gulu lingachite uli ku Mazon Creek, m'chigawo cha Illinois, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Chicago. Zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo, kumeneko kunali madambo ndi mathiriro a mitsinje m'mphepete mwa nyanja yosaya. Zamoyo zikafa zinkakwiririka msanga m'matope, ndipo mwala wa chitsulo unkaumbika mozizungulira, kupanga timiyala tobulungira ngati mbatata. Mkati mwa timiyalati munasungika ngakhale zinthu zofewa zimene kwina zimawola osasiya chizindikiro: nyongolotsi, tizilombo, masamba, mazira a nsomba. Makampani okumba malasha ankachotsa dothi lapamwamba n'kuliunjika m'milu ikuluikulu, ndipo timiyalati tinali m'milumo, tochuluka zedi. Panalibe yunivesite imene ikanatha kutola ndi kutsegula zonsezo. Anachita ntchitoyi ndi mabanja a m'derali, ndipo ambiri anasonkhana m'kalabu yotchedwa Earth Science Club of Northern Illinois, mwachidule ESCONI, imene inayamba mu 1949 ndipo ikadalipo. Ngakhale njira yotsegulira timiyalati imayenda kuchokera kwa wina kupita kwa mnzake. Kumenya ndi hamala kumafulumira koma kumaphwanya chamkati. Odziwa amaviika timiyala m'ndowa ya madzi kwa masiku, kenako amaika ndowayo panja pa chisanu kapena m'firiji kuti madzi aundane, n'kuisiya isungunuke, n'kubwerezanso, kakhumi, kamakumi awiri, mwina kuposerapo. Madzi olowa m'timing'alu amafufuma akaundana, ndipo tsiku lina kamwala kamang'ambika pakati penipeni pamene pagona chamoyocho, mbali ziwiri ngati chikhatho ndi chinzake. Timiyala tambiri timatseguka topanda kanthu mkati. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa mtundu umenewu kumapepuka pamene pali anzako amene akudikira nawe.

M'milu imeneyi ndi mmene Francis Tully, wogwira ntchito yolumikiza mapaipi, anapeza m'zaka za m'ma 1950 kanyama kodabwitsa: thupi lofewa ngati chala chachitali, maso ali kumapeto kwa kandodo kopingasa, ndi chitamba chachitali chokhala ndi kukamwa kwa timano kunsonga. Anapita nako ku Field Museum ku Chicago, ndipo akatswiri anasowa pokaika. Mu 1966 kanapatsidwa dzina lakuti Tullimonstrum, ndipo mu 1989 chigawo cha Illinois chinakasankha kukhala chizindikiro chake. Mpaka lero akatswiri akukanganabe ngati kanali ndi msana kapena ayi. Koma tamvani ichi: kafukufuku wa mu 2016 amene anadzutsa mkanganowo anaunika zitsanzo zoposa 1,200 za kanyama kamodzika. Kamwala kamodzi kakanangokhala chodabwitsa. Timiyala chikwi ndi timene timalola munthu kusiyanitsa chiwalo chenicheni ndi banga la mwangozi, ndipo chikwi chimenecho chinatheka chifukwa manja ambiri anatola kwa zaka zambiri. Palinso chamoyo china chofala kwambiri kumeneko, chimene otola ankangochitcha chibuluma chopanda maonekedwe ndipo ena ankachitaya. Kwa zaka zambiri chinkatengedwa ngati kanyama koyandama m'nyanja kotchedwa jellyfish. Mu 2023 akatswiri, atayang'ana zitsanzo zikwizikwi zosungidwa, anati anthu ankachiona chozondoka, ndipo chikatembenuzidwa chimaoneka kuti ndi kanyama kena kokhazikika pansi pa nyanja, kotchedwa sea anemone. Zimene ena anataya, ena anasunga ndi kulemba, ndipo zosungidwazo ndi zimene zinayankha funso patapita zaka zoposa makumi anayi.

Moyo wa kalabu yoteroyo, ukauyang'ana pafupi, ndi wamba ndithu. Amakumana madzulo m'holo yobwereka, wina n'kukamba nkhani, kenako aliyense amayala patebulo zimene watola, zokulunga m'nyuzipepala kapena m'timabokosi. Mwana wa zaka khumi amaima pafupi ndi gogo wa zaka makumi asanu ndi awiri, onse akusuzumira pagalasi limodzi lokuzira zinthu, ndipo nthawi zina wolondola ndi mwanayo. Pali wosunga ndalama za umembala, pali wokonza maulendo, pali wolemba kakalata ka mwezi ndi mwezi. Ntchito zimenezi zimaoneka zazing'ono, komatu wokonza maulendo ndi amene amakagogoda kwa mwini munda kapena mwini mgodi kukapempha chilolezo, n'kulonjeza kuti anthu ake avala zipewa zolimba, atseka zipata, ndipo sasiya maenje. Mwini malo amene angakanize mlendo mmodzi wosam'dziwa amalola gulu lokhala ndi dzina loti alitsate zikalakwika. Ndipo popeza kulakwa kwa mmodzi kungatsekere onse chipata, gululo limadzilondera lokha. Amene wadumpha mpanda usiku, kapena wagumula phompho ndi chitsulo, amamva manyazi pamaso pa anthu amene amadya nawo limodzi, ndipo manyazi amenewo amafika kumene wapolisi safika. Kumeneko n'kumenenso wachilendo amauzidwa kuti ayang'ane nthawi imene nyanja imaphwera asanatsike kugombe, ndi kuti asaime m'tsinde mwa phompho mvula itangogwa.

Tsopano timve otsutsa, poti mfundo zawo si zachibwana. Yoyamba ndi ya ndalama. Mu 1997 mafupa a dinosaur ya mtundu wa Tyrannosaurus otchedwa Sue anagulitsidwa pa okushoni pa madola oposa 8 miliyoni. Mu 2020 ena otchedwa Stan, amene anayamba kuwaona ndi wotola wamba Stan Sacrison mu 1987, anapita pa madola 31.8 miliyoni. Mu 2024 mafupa a Stegosaurus anafika madola 44.6 miliyoni. Nyumba zosungiramo zinthu zakale zambiri sizingapikisane pa mitengo yotere, ndipo chimene chalowa m'nyumba ya munthu wolemera chikhoza kutayika kwa sayansi, chifukwa akatswiri ambiri salemba za fupa limene anzawo sangathe kudzaliunikanso. Dandaulo limeneli ndi loona. Koma kuletsa kutola sikuchotsa ndalama pankhaniyi. Kumangochotsa anthu oona mtima pagombe, n'kusiya amene saopa lamulo, amene sadzalemba kapepala chifukwa kapepalako ndi umboni wowamangitsa. Ku Dorset anasankha njira ina. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, eni malo, otola, akatswiri ndi akuluakulu a boma anagwirizana malamulo a kakhalidwe. Kukumba m'phompho popanda chilolezo n'koletsedwa, koma kutola zogwa kale n'kololedwa. Wopeza chinthu chofunika kwambiri ku sayansi amakachilembetsa ku Charmouth Heritage Coast Centre. Chinthucho chimakhala chake, koma akafuna kuchigulitsa ayenera kuyamba wapereka mwayi, kwa miyezi isanu ndi umodzi, kwa nyumba zosungiramo zinthu zakale za m'dzikolo. Gombe limeneli linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2001, otola ali pomwepo. Dongosololi si langwiro, ndipo pali zinthu zimene zimapitabe kunja chifukwa nyumba zija zasowa ndalama. Komabe zimapita zitalembedwa ndi kujambulidwa, anthu akudziwa kuti zilipo.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti wosaphunzira amawononga posadziwa. Amazula mutu n'kusiya thupi, amamata fupa ndi guluu wosayenera, amapala ndi mpeni mpaka kufafaniza timizere timene katswiri akanawerenga. Izinso zimachitika, ndipo palibe chifukwa chozibisira. Koma funsani kuti kodi ndani amachita zimenezi. Nthawi zambiri ndi amene ali yekha, wopanda wom'funsa. Phunziro lovuta kwambiri limene kalabu imaphunzitsa ndi lodziwa poimira. Ukaona mafupa angapo ali mondondozana m'thanthwe, hamala uibweze m'thumba, jambula chithunzi, lemba malo, itana odziwa. Mtima wa munthu umafuna kukumba, ndipo chimene chimaugwira ndi kudziwa kuti pali nambala yoti uimbe komanso kuti amene abwerewo sadzakulanda ulemu wako. Dzina la Walker pa Baryonyx ndi la Tully pa kanyama kaja ndi malipiro amene amauza wotola aliyense kuti kuulula kuli ndi phindu kuposa kubisa.

Mfundo yachitatu ndi imene iyenera kutikhudza ife kwambiri, ndipo pa iyi ndikuvomereza zambiri. Zimene zikuyenda bwino ku Dorset sizingangonyamulidwa n'kukatulidwa kulikonse. Kumene anthu ndi osauka ndipo ogula ali ndi ndalama zakunja, mawu akuti kutola mwachisangalalo akhoza kukhala chophimba cha kuba. Dinosaur yaing'ono yotchedwa Ubirajara inachoka ku Brazil n'kukakhala ku Karlsruhe ku Germany, ndipo inabwezedwa mu 2023 anthu a ku Brazil atachita phokoso lalikulu. Mafupa a dinosaur ina, Tarbosaurus, amene anaikidwa pa okushoni ku New York mu 2012 anali ozembetsedwa kuchokera ku Mongolia, ndipo anabwezedwa chaka chotsatira. Kuno kwathu chuma chotere chilipo. Ku Karonga kuli miyala mmene munatuluka Malawisaurus dixeyi, dinosaur ya khosi lalitali ya zaka zoposa 100 miliyoni, imene dzina lake likukumbutsa Frank Dixey, katswiri wa miyala wa m'nthawi ya Nyasaland. Dzina lakuti Malawisaurus linaperekedwa mu 1993 ndi gulu la Louis Jacobs, mmene munalinso Mmalawi, Elizabeth Gomani, amene pambuyo pake anafotokozanso za dinosaur ina yotchedwa Karongasaurus. Ku Uraha, m'boma lomwelo, mu 1991 kunapezeka chibwano cha munthu wakalekale cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Zinthu ngati izi n'zosowa, malo ake ndi ochepa, ndipo lamulo la Monuments and Relics Act limaziteteza. Kumeneko palibe malo a munthu wodzaza ndowa kupita nayo kunyumba, ndipo sindikupempha kuti akhalepo. Komabe mvula imakokolola zigwa za ku Karonga chaka ndi chaka monga mmene mafunde amachitira ku Charmouth, ndipo amene amadutsa m'zigwamo dzinja likatha ndi abusa a ng'ombe, alimi ndi ana opita kusukulu. Chimene tingatenge kwa anzathuwo ndi mbali ya maso ndi kapepala: gulu la ana asukulu kapena la m'mudzi lodziwa kusiyanitsa fupa ndi mwala wamba, lodziwa kulisiya pomwepo, kulemba malo ndi kukanena ku Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Mlimi amene sanauzidwepo kanthu ndi amene amagulitsa fupa kwa mlendo woyamba kufika ndi galimoto.

Makalabu nawonso ali ndi zilonda zawo. Ena amabisa malo abwino ngakhale kwa anzawo. M'madera ambiri migodi yatsekedwa, milu yamera tchire, ndipo eni malo akuopa milandu ya ngozi. Chopweteka koposa chimachitika wotola akamwalira: ana ake, osadziwa kuti m'madirowa muli chiyani, amataya kabuku ka manambala n'kugulitsa miyala ngati zidole, ntchito ya zaka makumi anayi n'kuthera pomwepo. Pamenepa mpamene anzake a m'gulu amafunika kwambiri, poti ndiwo okha amene amadziwa kuti dirowa iti ndi yoyenera kupita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale. Steve Etches, pulambala wa ku Kimmeridge ku Dorset komweko, anaganizira zimenezi akadali moyo. Kwa zaka zoposa makumi atatu anatola ndi kuyeretsa ndi manja ake zitsanzo zoposa 2,000 kuchokera m'dothi la dera limodzi, chilichonse ndi mbiri yake, mpaka mazira a ammonite, tinyama ta zigoba zopindika ngati za nkhono. Zonsezo anaziika m'manja mwa bungwe losachita malonda, ndipo mu 2016 nyumba yozionetsera inatsegulidwa m'mudzi momwemo, kumene akatswiri amabwera kudzaziunika.

Mu 2022 mnzake wa Etches, wotola wina dzina lake Phil Jacobs, akuyenda pagombe pafupi ndi Kimmeridge, anaona nsonga ya mlomo wa chilombo chotchedwa pliosaur itagwera pamiyala, mano ali m'malo mwake. Inali yolemera moti sakanainyamula yekha, ndipo anadziwitsa Etches. Anaichotsa pa machira, kenako anaulutsa kamera m'mbali mwa phompho kufuna pamene inachokera, ndipo anapeza kuti mutu wonse ukadali m'thanthwe, pamwamba patali. Anthu anatsika pa zingwe n'kukumba kwa masabata angapo ali lendelende, nyanja ili pansi pawo. Mutuwo ndi wotalika pafupifupi mamita awiri, uli ndi mano 130, ndipo kuyambira mu 2024 ukuonetsedwa m'nyumba ija ya ku Kimmeridge. Thupi lake akukhulupirira kuti likadali m'phomphomo, limene likugumuka chaka chilichonse.